Diso la Namondwe pa Foni Yanu

Sindikukayika kuti ambiri a inu munaonapo cithunzi ca namondwe cojambulidwa kucokera kumwamba. Mtambo woyera mbee wapindika ngati nkhata ya mayi wopita kumadzi, ndipo pakati pake pali kabowo kakuda. Zithunzi zotere zimayenda kwambiri pa WhatsApp dzinja likafika, makamaka kuyambira pamene Idai anasakaza mzinda wa Beira mu 2019. Kale munthu wamba sakadatha kuzipeza yekha. Ankayembekezera kuti wolengeza zanyengo azionetse pa wailesi yakanema kwa kamphindi cabe. Lero aliyense amene ali ndi foni ya intaneti angathe kutsegula cipangizo cochedwa Worldview, ca bungwe la ku America la NASA, nayamba kukoka dziko lapansi ndi cala, kuyandikitsa malo amene afuna, ndi kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku mpaka caka ca 2000. Salipira kanthu kupatula bandulo, ndipo safunsidwa ngakhale dzina.

Monga momwe timayesera buku kapena sewero, tiyeni tiyese cipangizo cimeneci. Maganizo anga ndiwanenetu poyamba. Pa kuphunzitsa mmene anamondwe amabadwira ndi kuyendera, Worldview imaposa buku liri lonse la jogalafe limene ndinaligwirapo. Koma iri ndi cirema cimodzi cacikulu, ndipo cirema cimeneco cimakhudza ife a kumtunda kuno koposa anthu a m'mphepete mwa nyanja. Namondwe imamuonetsa bwino kwambiri pamene ali kutali pa nyanja yopanda anthu. Akafika pakupha, cithunzi cimafooka.

Tisanafike kumeneko, muyenera kudziwa kumene zithunzizo zimacokera. Masetilaiti oona zanyengo ali a mitundu iwiri. Ena amauluka pafupi, pa mtunda wa makilomita 700 mpaka 830, ndipo amazungulira dziko modzera kumpoto ndi kumwera kwenikweni, dziko likutembenuka pansi pao. Otere ndi Terra, imene inaponyedwa mumlengalenga mu Disembala 1999, Aqua ya mu Meyi 2002, ndi Suomi NPP ya mu Okutobala 2011. Iri yonse ya izi imadutsa pamwamba pa malo amodzi kamodzi masana ndi kamodzi usiku. Ena amakhala kutali zedi, pa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta, kumene liwiro lao limalingana ndi kutembenuka kwa dziko, motero amaoneka ngati aima pamalo amodzi. Amenewa sayandikitsa zinthu kwambiri, koma amajambula mphindi 10 kapena 15 ziri zonse. Worldview imasonkhanitsa zithunzi za mitundu yonse iwiri, pamodzi ndi miyeso ina yoposa 1,000, ndi kuziyala pa mapu amodzi. Zambiri zimafika patangopita maola atatu cabe kucokera pamene setilaiti yajambula.

Kuti muone ukulu wa mphatso imeneyi, kumbukirani kuti setilaiti yoyamba yoona zanyengo imene inagwira bwino nchito, TIROS-1, inakwera pa 1 Epulo 1960. Isanakhalepo, namondwe wa pakati pa nyanja ankadziwika pokhapokha ngati sitima yakumana naye ndi kupulumuka, kapena ngati ndege yamupeza. Mu Seputembala 1900 namondwe anamiza mzinda wa Galveston ku Texas, ndipo anthu osacepera 6,000 anafa, ambiri a iwo osadziwa kukula kwa cimene cinali kubwera. Mpaka lero, ku nyanja ya Atlantic a ku America amatumiza ndege kukalowa mkati mwa namondwe kukayesa mphepo. Ku mbali yathu ya nyanja ya India ndege zotero siziuluka mwa nthawi zonse. Akatswiri a Météo-France a pa cisumbu ca La Réunion, amene ali ndi udindo wolondola anamondwe a cigawo cino, amadalira kwambiri masetilaiti, ndipo njira imodzi imene amagwiritsa nchito ndi yoyerekeza mphamvu ya mphepo poyang'ana maonekedwe a mitambo, njira imene anaiyambitsa Vernon Dvorak m'zaka za m'ma 1970. Conco cithunzi cimene mukuciona pa foni ndi ca mtundu womwewo umene akatswiri amagamulirapo nkhani.

Tsatani Freddy ndi cala canu

Njira yabwino yoyesera Worldview ndi kuipatsa nchito yeniyeni, ndipo palibe nchito yoposa ya Freddy. Pansi pa mapu pali mzere wa masiku. Ikani pa 6 Febuluwale 2023, ndipo mukokere mapu kumpoto cakumadzulo kwa Australia. Mudzaona mulu wa mitambo wosalongosoka bwino, umene a zanyengo a ku Australia anaupatsa dzina tsiku limenelo. Tsopano sunthani tsiku limodzilimodzi. Muluwo uyamba kulungana, ucita diso, ndipo ulunjika kumadzulo ngati munthu wodziwa kumene akupita. Pa 19 ndi 20 Febuluwale ali pafupi ndi Mauritius, wozungulira bwino lomwe, mphepo yake ikuposa makilomita 200 pa ola. Pa 21 agunda Madagascar pafupi ndi Mananjary. Pa 24 alowa mu Mozambique pafupi ndi Vilankulo.

Apa ndi pamene cipangizoci cimandikondweretsa koposa. Buku likadalemba mzere umodzi wakuti namondweyo anabwereranso ku nyanja, inu mukadawerenga ndi kuiwala. Pa Worldview mumaona ndi maso anu diso likutsekeka, nkhata ija ikumasuka, mitambo ikuyendayenda pamwamba pa kumwera kwa Mozambique ndi Zimbabwe ngati cinthu cakufa. Ndiyeno kumayambiriro kwa Marichi zotsalazo zibwerera pa madzi ofunda a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ziyambanso kupota, zifika pafupi ndi Toliara, zitembenuka, ndipo pa 11 Marichi Freddy agundanso mtunda pafupi ndi Quelimane. Palibe mphunzitsi amene angafotokoze bwino coposa pamenepa kuti cakudya ca namondwe ndi madzi ofunda a m'nyanja. Akafika pa mtunda amafa ndi njala, akabwerera pa madzi amatsitsimuka. Mukafuna umboni wina, yatsani muyeso wa kutentha kwa nyanja. Namondwe amafuna madzi ofunda kufika pa madigiri 26 kapena 27, ndipo mudzaona kuti njira imene Freddy anadzukiramo inali yofunda motero.

Mu Julayi 2024 bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36 ali ndi mphamvu ya namondwe, kuposa wina ali yense wolembedwa m'mabuku. Amene anali patsogolo kale ndi John wa mu 1994, wa masiku osakwana 30. Freddy anayenda makilomita 12,785, ndiko kunena ulendo wa pa mseu wa Lusaka mpaka Chipata maulendo oposa 20. Ziwerengero zotere zimangodutsa m'khutu. Koma mukasuntha tsiku ndi cala kokwana 36, dzanja lomwe limakuuzani kuti namondweyu anakhalitsa.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene anazikonza mwanzeru. Pali cida coyesera mtunda: mumakhudza malo awiri, ico cikuuzani makilomita. Yesani diso la namondwe wamphamvu, mudzapeza kawirikawiri makilomita 30 mpaka 60. M'disomo mumakhala bata, mwina ngakhale dzuwa, pamene khoma la mitambo lolizungulira ndilo liri ndi mphepo yoopsa kuposa pena paliponse. Ndico cifukwa cake anthu amacenjezedwa kuti mphepo ikaleka mwadzidzidzi asaturuke msanga, pakuti mbali ina ya khomalo ikubwera, ndipo idzaomba kucokera kwina. Yesaninso kucokera ku Chipata mpaka ku Blantyre molunjika. Sipafika makilomita 400. Amene amati za anamondwe nza anthu a kunyanja ayambe wayesa mtunda umenewo, akumbukirenso kuti katundu wambiri wobwera m'dziko lathu amadzera pa doko la Beira.

Cina cimene ndimacikonda ndi kuyerekeza anamondwe a mbali ziwiri za dziko. Pitani pa 28 Ogasiti 2005, ku nyanja ya kumwera kwa mzinda wa New Orleans, muone Katrina. Kenaka bwerani pa 14 Marichi 2019 pafupi ndi Beira, muone Idai. Yang'anitsitsani mmene mikono ya mitambo yapindikira. Idai amapota motsata mmene muvi wa koloko umayendera, Katrina amapota mobwerera. Cimacititsa ndi kutembenuka kwa dziko lapansi, kumene kumakhotetsa mphepo kumanzere ku mbali yathu ya kumwera ndi kumanja ku mbali ya kumpoto. Pafupi ndi ikweta mphamvu yokhotetsayo imatha, ndipo ncifukwa cake simudzapeza namondwe akubadwira pamenepo. Phunziro limeneli lingakuthandizeni ngakhale pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Wina akakutumizirani cithunzi coopsa nanena kuti ndi namondwe amene akubwera ku Mozambique, onani kapindikidwe kake. Ngati akupota mobwerera, dziwani kuti ndi wa ku mbali ya kumpoto, monga ku America kapena ku Japan, ndipo wotumizayo wangotola cithunzi cakale. Kumeneko amamucha hurricane kapena typhoon, kuno timamva dzina lakuti cyclone, koma cirombo ncimodzi.

Ndipatukeko pang'ono. Mukatopa ndi anamondwe, yatsani muyeso wa moto, muike tsiku liri lonse la mu Ogasiti, muyang'ane Zambia, Angola ndi Congo. Mapu onse amafiira ndi timadontho, kali konse kakuimira malo amene akupsa. Anyamata osaka mbewa m'cigawo ca Kum'mawa mwina sadziwa kuti moto wao umaoneka kucokera pa makilomita 700 kumwamba.

Kumene cithunzi cimalephera

Tsopano bwererani kwa Freddy, muike pa 12 ndi 13 Marichi 2023, muyandikitse kumwera kwa Malawi. Kodi mukuona ciani? Diso palibe. Nkhata ija yaphwasuka. Pali mtambo woyera wophimba zonse, wosasiyana kwenikweni ndi mitambo ya tsiku lina liri lonse la mvula ya dzinja. Munthu wosadziwa angaganize kuti zoopsa zatha, namondwe wafooka, ndipo pa nkhani ya mphepo akhoza kukhala akunena zoona. Komatu masiku amenewo ndi amene phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala zinatsikira pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre anthu ali m'tulo, ndipo zomwezo zinacitika ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pa 13 Marichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti m'cigawo ca kumwera mwagwa tsoka. M'Malawi mokha anthu oposa 1,200 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zao, dzikolo liri kale pa nkhondo yolimbana ndi kolera.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga waukulu ndi Worldview. Mukaitsegula, imakulandirani ndi zithunzi za mitundu yacibadwa, monga momwe diso la munthu likadaonera, ndipo zithunzi zimenezi zimakuphunzitsani mosanena kuti kuopsa kwa namondwe kuli m'maonekedwe ake. Akazungulira bwino, diso liri poyera, mumati ameneyu ndiye woopsa. Pa nyanja ndi pa gombe zimenezo nzoona. Koma munthu wa ku Phalombe, ku Chimanimani kapena ku Chadiza saphedwa ndi diso. Amaphedwa ndi mvula imene imagwa masiku atatu kapena anai osaleka pamene namondwe wofookayo waima pamalo amodzi, mphepo yake yonyowa ikukankhidwira pa mapiri. Makolo a ku Malawi ali nalo dzina la tsoka lotere, amati napolo, ndipo anthu a ku Phalombe analiona kale mu Marichi 1991. Cithunzi ca mitundu yacibadwa sicimuona napolo. Cimaona denga la mitambo cabe.

Wina adzati, nanga si muyeso wa mvula ulimo? Ulimodi. Umachedwa IMERG, ndipo umacokera ku gulu la masetilaiti lotsogozedwa ndi GPM, imene NASA ndi a ku Japan anaiponya mu Febuluwale 2014. Umapereka ciyerekezo ca mvula mphindi 30 ziri zonse. Koma kuti muupeze muyenera kudziwa kale kuti ulipo, mufufuze dzina lake pakati pa miyeso yoposa 1,000, ndipo palibe cimene cimakuuzani kuti pa namondwe amene walowa kumtunda muyeso umenewu ndiwo wofunika kuposa cithunzi. Ndiponso muyesowo uli ndi malire ake. Umagawa dziko m'timabokosi ta makilomita 10 mbali iri yonse, motero phiri la Soche pamodzi ndi nyumba za m'munsi mwake zingakwane m'kabokosi kamodzi. Akatswiri amadziwanso kuti masetilaiti kawirikawiri amacepetsa mvula ya m'mapiri, kumene kuli komwe kumagumuka. Ndikadakhala ine wokonza, ndikadacita kuti munthu akasankha namondwe pa mndandanda wa zocitika, mvula iziyaka yokha pamodzi ndi njira yake. Ndi kanthu kakang'ono, koma kakadasintha phunziro lonse limene mwana wa sukulu amatengapo.

Bvuto lina ndi la nthawi. Zithunzi zooneka bwino zija za Terra ndi Aqua zimajambulidwa kamodzi pa tsiku. Namondwe angathe kukula kwambiri pa maola 12, inu muli kuyang'ana nkhope yake ya dzulo. Pa zithunzi za masetilaiti awiriwa mudzaonanso mipata yakuda yonga mano a cipeso m'madera oyandikira ikweta, cifukwa kamera yao imajambula mzere wa makilomita 2,330 m'lifupi ndipo mizereyo sikumana. Tsiku lina mpata wotere umadula namondwe pakati. Mankhwala ake ndi kusankha zithunzi za Suomi NPP, zimene ziribe mipata, koma mlendo sangadziwe zimenezo payekha. Zithunzi za mphindi 10 ziri zonse, zimene zimaonetsa namondwe akupota ngati filimu, ndi za masetilaiti a GOES oyang'ana ku America ndi Himawari woyang'ana ku Asia ndi Australia. Thambo la Africa amaliyang'anira ndi masetilaiti a ku Ulaya ochedwa Meteosat, ndipo amene afuna kuwatsata bwino apite ku cipangizo ca eni ake, EUMETView. Sindiwaimba mlandu a NASA pa ici, pakuti anakonza ndi ndalama za anthu a kwao. Ndingoti mudziwe kuti nyumbayi anaimanga mazenera aakulu atayang'ana kwina. Dziwaninso kuti maola onse olembedwa pamenepo ndi a UTC. Onjezani maola awiri kuti mupeze nthawi ya kuno.

Nanga za cinenero? Zonse ziri m'Cingerezi, ndipo si Cingerezi ca m'kalasi ai, koma ca akatswiri. Tengani muyeso wa kuzizira kwa nsonga za mitambo. Ndi muyeso wamtengo wapatali, cifukwa umagwira nchito ngakhale usiku, ndipo umaonetsa kumene mitambo yakwera kwambiri. Mtambo ukatalika nsonga yake imazizira, mwina mpaka madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo pansi pa mtambo wotero ndi pamene pamagwa cimvula. Koma mitundu imene amapaka pa mapu sinena yokha tanthauzo lake. Pa muyeso wina kufiira ndi kutentha, pa wina ndi mvula yambiri, pa wina ndi moto. Ena amalemba kutentha m'makelvin, muyeso umene ambiri anausiya m'kalasi ya sayansi. Wacinyamata woona mtundu wofiira pamwamba pa mudzi wa kwao angathe kucita mantha popanda cifukwa, kapena kukhala phee pamene anayenera kudera nkhawa. Mafotokozedwe alipo, koma abisika kuseri kwa kabatani kakang'ono.

Za bandulo sindinena zambiri, mukuzidziwa kale. Nthawi iri yonse mukakoka mapu foni imakoka zithunzi zatsopano, ndipo filimu ya masiku 36 a Freddy siikhala yaulere kwa munthu wogula data ya tsiku limodzi. Pa foni yaing'ono mabatani amapanikizana. Cipangizoci cimamasuka bwino pa kompyuta ya pa sukulu kapena pa ofesi.

Cenjezo lofunika koposa ndi ili: Worldview imaonetsa zimene zacitika kale. Siinena za mawa. Pa ici ndimailemekeza, pakuti siidzitama ndi zimene siidziwa. Koma ambiri a inu mumagwiritsanso nchito Windy kapena Zoom Earth, kumene timizere ta mphepo timayenda mokongola pa mapu, ndipo mungathe kusuntha nthawi kupita kutsogolo masiku angapo. Timizere timeneto si cithunzi ca setilaiti. Ndi masamu a makompyuta aakulu a ku Ulaya ndi ku America, oyerekeza mmene mphepo ingayendere. Masamuwo ngabwino ndithu, koma amasintha kangapo pa tsiku, ndipo za masiku asanu ndi awiri kutsogolo zimatha kuphonya ndi makilomita mazanamazana. Popeza zonse zimaoneka pa mapu amodzi ndi mitundu yofanana, munthu sasiyanitsa coonedwa ndi coganiziridwa. Motero wina amajambula foni yake, natumiza ku gulu kuti Lacisanu namondwe afika ku Petauke. Lacisanu likafika kuli dzuwa, gulu lonse limaseka, ndipo tsiku limene a Zambia Meteorological Department adzapereka cenjezo lenileni anthu omwewo adzati ndi zija zija. Bodza la mbusa wa nkhosa lija likucitika tsopano ndi mapu okongola.

Kodi kuona nkupulumuka?

Pali funso limene okonza zipangizo zotere sakonda kulifunsa. Katrina anajambulidwa kucokera kumwamba ola ndi ola, m'dziko lolemera kuposa onse, koma anthu oposa 1,000 anafa, ambiri cifukwa makoma ochinga madzi a New Orleans anagumuka ndipo osauka analibe galimoto zothawira. Freddy anaonedwa mwezi wathunthu asanafike ku Malawi, ndipo a zanyengo a m'dzikomo anacenjeza masiku angapo mvula isanayambe. Cithunzi cinalipo, cenjezo linalipo. Koma munthu amene anamanga nyumba pa phiri cifukwa cosowa malo ena, akamva kuti samukani, amafunsa kuti ndipite kuti, ndipo katundu wanga amuyang'anira ndani.

Dziko la Bangladesh liri ndi phunziro pa nkhani imeneyi. Mu Novembala 1970, pamene linali mbali ya Pakistan, namondwe wa Bhola anapha anthu osacepera 300,000, ngakhale kuti masetilaiti anali atayamba kale kugwira nchito. Mu 1972 kunakhazikitsidwa gulu la anthu odzipereka, mogwirizana ndi a Red Crescent, loti lizifikitsa macenjezo m'midzi. Zida zao ndi zimkuzamau za m'manja, mbendera ndi njinga. Boma ndi mabungwe anamanganso nyumba zolimba zothawirako, zambiri zogwira nchito ngati sukulu masiku ena onse. Mu 1991 anafabe anthu pafupifupi 138,000. Koma pamene Sidr anafika mu 2007 akufa anali masauzande ocepa, ndipo pa Amphan mu 2020 m'Bangladesh anafa anthu osafika 100. Zithunzi za masetilaiti zinapita patsogolo m'zaka zimenezo, nzoona. Cimene cinasintha koposa ndi cakuti panapezeka munthu wa m'mudzi momwemo, wodziwika nkhope, wogogoda pa citseko ndi kunena m'cinenero ca eni ake kuti nyamukani, tipite ku sukulu ija. Ena mwa odziperekawo ndi acinyamata.

Nanga tsono Worldview muziigwiritsa nchito bwanji? Ine ndikuti muitenge ngati buku la mbiri, ndipo pa nchito imeneyo iribe inzake. Gulu lanu likakumana pamene pali kompyuta, wina atsegule, ena azungulire. Muyambe ndi Freddy monga tafotokozera, koma pofika pa 11 Marichi muyatse mvula ya IMERG pamwamba pa mitambo, muone kusiyana kwa nkhani ziwirizo. Kenaka muyese Chido, amene anasakaza cisumbu ca Mayotte pa 14 Disembala 2024 ndi kulowa mu Mozambique pafupi ndi Pemba tsiku lotsatira. Pa iye mudzaona mtundu wina wa tsoka, wa mphepo yogwetsa nyumba za malata, ndipo pamenepo cithunzi cimanena zoona zonse.

Cotsiriza ndi cida coyerekezera masiku awiri, cimene kwa ine ndico cabwino koposa m'cipangizo conse, ngakhale ambiri sacipeza. Cimagawa mapu pakati ndi mzere umene mumaukoka kumanja ndi kumanzere, mbali imodzi tsiku lina, mbali inayo tsiku lina. Pitani kumadzulo kwa Beira, ku cigwa ca mitsinje ya Buzi ndi Pungwe. Mbali imodzi ikani tsiku lopanda mitambo la mu Febuluwale 2019, inayo tsiku loyera la kumapeto kwa Marichi, Idai atapita. Musankhe cithunzi ca mitundu yosinthidwa colembedwa manambala 7-2-1, cimene cimaonetsa zomera mobiriwira kwambiri ndi madzi mwakuda kapena mwa buluu. Kokani mzerewo pang'onopang'ono. Pamene panali minda ndi midzi mudzaona nyanja imene pa mapu a kusukulu palibe. Kadontho kamodzi ka zithunzi za Terra ndi Aqua, zikaoneka bwino koposa, kamaimira malo a mamita 250 mbali iri yonse, pafupifupi mabwalo a mpira 8. Motero mitengo ndi madenga amene anthu a ku Buzi anakhalapo masiku angapo kudikira mabwato ndi ndege simudzaziona, ngakhale mutayandikitsa mpaka pamapeto.